Msewu Umene Unalambalala Msitu wa Kasinja

Kalekale, kusanabwere nyumba za malata ndi phokoso la maminibasi, dera limene lero ndi tauni ya Nthundwe linali tchire loyendamo njati. Oyamba kukhazikikamo anali Amang'anja amene anakwera kuchokera kuchigwa motsogozedwa ndi Kasinja, mwana wa Nangondo, wa mfunda wa Aphiri. Kasinja atamwalira, dzina lake linapita kwa mphwake, mwana wa mlongo wake Nachuma, ndipo linayenda chomwecho kufikira kwa a Witinesi Kasinja, amene ine ndinawapeza akadali moyo.

Pambuyo pake anatulukira Alomwe a Namathanga, atawoloka Ruo pothawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, mapazi atang'ambika, ana kumsana. Amang'anja anawapatsa malo kuseri kwa phiri. Tauni itayamba kukula anabweranso Angoni, Asena ndi Atumbuka, ndipo onsewa ankaika maliro awo m'msitu umodzi, wopanda ziliza, wopanda mitanda, mitengo yokhayokha.

Zimene ndikulembazi ndinauzidwa ndi akuluakulu a mbali zonse nditayamba ntchito mu ofesi ya khonsolo yosamala mbiri ndi chikhalidwe. Mpando umene ndimakhalapo unali wa mayi Delifa Msiska, Mtumbuka wa ku Rumphi, munthu wamfupi koma wosaopa nkhope ya wina aliyense.

M'masiku awo khonsolo inafuna kudutsitsa msewu wa tala pakati pa msituwo. Mayi Msiska anakana kwamtuwagalu, koma akuluakulu awo anawayankha kuti aliyense amene ali ndi m'bale m'msitumo aloze manda ake, apo ayi katapila alowa. Anthu anasonkhana, nalowa m'msitu, koma chomvetsa chisoni, palibe ndi mmodzi yemwe amene analoza molimba mtima. A Kasinja anazungulirazungulira, thukuta lili kamukamu, kufunafuna pamene anagona mayi awo owabereka, mpaka anakhala pansi nalira ngati mwana. Ogwira ntchito ya msewu anangogwedeza mitu, nakaimika katapila pamphepete pa msitu.

Mayi Msiska anayenda khomo ndi khomo kufunsa chimene chinachititsa manyazi oterewo, ndipo anapeza kuti khonsolo inali itafunsa anthu olakwika. Ku Nthundwe namfedwa sankakumba manda a m'bale wake, ndiponso akachoka kumsitu sankabwererako. Adzukulu a Amang'anja anali Alomwe, adzukulu a Alomwe anali Amang'anja, ndipo adzukuluwo ndiwo ankasunga pamtima malo a manda onse, n'kumaphunzitsa ana awo kuti asadzakumbe pamene pagona munthu kale. Wodziwa manda a mbumba ya Kasinja anali atatsala mmodzi yekha, a Lufeyo Namathanga.

Apa ndiye panagona vuto. Zaka zambiri m'mbuyomo, pamlandu wa malire, a Kasinja anali atanena pagulu kuti Alomwe ndi obwera, adzabwerere kwawo. Kuyambira pamenepo mabanja awiriwa sankapatsana moni, sankapalana moto, ndipo mkazi wa a Namathanga atamwalira, palibe Mmang'anja amene anagwira khasu. Ndimalemekeza a Kasinja, koma pamenepa analakwa kwambiri, ndipo sindibisa.

Mayi Msiska anawapeza a Namathanga akusoka mphasa pakhonde, nagwada.

"Bambo, mafupa a anzanu ali m'manja mwanu," anatero.

"Anzanga ati, mayi? Ife ndife obwera. Obwera angadziwe bwanji manda a eni dziko? Mkazi wanga ndinamukumbira ndekha ndi manja awa."

Mayiwo anabwerera chimanjamanja. Anapita kwa a Kasinja kuwapempha kuti akapepese, koma nawonso anaumitsa khosi, nati sangagwadire munthu amene makolo ake anapatsidwa malo ndi makolo awo.

Tsiku loti katapila alowe linafika. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kumwamba kopanda kamtambo, komabe onse amene analipo amachitira umboni kuti mitengo ya m'msitumo inayamba kudontha madzi mpaka nthaka inanyowa. Woyendetsa katapila analiza injini. Mayi Msiska anaima patsogolo pake okhaokha.

Pamenepo a Kasinja anavula nsapato, nadutsa pakati pa anthu, nakagwada pafumbi pamaso pa a Namathanga amene anali chiimire kumbuyo.

"Mdzukulu wanga, ndinakulakwirani. Ndisonyezeni amayi."

A Namathanga anatenga ndodo yawo nalowa m'msitu, anthu akuwatsata. Anagogoda pansi patsinde pa muwanga, natchula dzina la mayi a Kasinja. Anapitirira, natchula la Nachuma, la Kasinja woyamba, ndi ena ambirimbiri, osaphonya. Atamaliza anatembenukira mdani wawo uja, nati, "Tsono inu, ndisonyezeni abambo anga." A Kasinja anawagwira dzanja, nawatengera kumadzulo kwa msitu kumene iwo eni anakumba ali mnyamata. Injini ya katapila inazimitsidwa.

Onse atatu, mayi Msiska, a Kasinja ndi a Namathanga, anatisiya. A Namathanga ndiwo anatsogola, ndipo manda awo anakumba ndi adzukulu ochokera ku mbumba ya Kasinja. Lero mukakwera minibasi yochokera kumsika, mudzaona msewu ukukhota mwadzidzidzi musanafike pasukulu, madalaivala akung'ung'udza kuti wojambula msewu anali ataledzera. Sanaledzere ayi. Kuseri kwa mpanda wa njerwa umene mayi Msiska anamangitsa, msitu ulipobe, ndipo pafupifupi aliyense wogona mmenemo anaikidwa ndi munthu wa mtundu wina.