Chamba cha Mkulu wa Mpingo

Kuseri kwa nyumba ya a Chisenga ku Tottenham, mumzinda wa London, kunali kanyumba kagalasi kamene mwininyumba wakale ankadzalamo matimati. Chaka cha 1983 munali mitengo isanu ya chamba, ndipo mlimi wake anali mkulu wa mpingo, woyambitsa nyimbo Lamulungu lililonse.

Musafulumire kuweruza. A Chisenga sankasuta. Akazi awo, a Etta, anali ndi nyamakazi yoti chisanu cha London chikafika, zala zinkakana ngakhale supuni. Mapiritsi a kuchipatala ankangowapotokola m'mimba. Chimene chinkawapatsako tulo ndi tiyi wa chamba, monga ankachitira azakhali awo ku Nkhotakota. Ndiye bambowo, akaweruka koyendetsa basi msana uli gwa, ankathirira mbewu zawo chitseko chili chotseka.

Chamba chitayamba maluwa, masamba anachita timadontho tachikasu.

"Bambo a Thom, itanani achimwene adzaone," anatero a Etta. Mlongo wawo Killian ankasamalira maluwa m'mapaki a khonsolo, ndipo tizilombo ankatidziwa ngati abale ake.

"Killian? Pakamwa paja ndi wailesi. Mawa mpingo wonse udzakhala ukundiloza ndi milomo. Mbewuzi zangomva kuzizira basi. Ndi zakwathu izi, zikulira dzuwa ngati ife tomwe."

Anagula chitofu cha palafini, nachiyatsa m'kanyumbamo, natseka mawindo onse. Ataona ulusi wa kangaude kunsonga kwa maluwa, anachita kukondwa kuti kwabwera mlonda wodya ntchentche.

Patatha masabata atatu masamba anayamba kuyoyoka. Apo m'pamene a Chisenga anagonja n'kuimbira mlamu wawo foni.

Killian atafika, anatembenuza tsamba limodzi, naliyang'ana ndi galasi lokuza zinthu. Kunsi kwake kunali nyakanyaka tizilombo tofiira, tating'ono ngati fumbi la tsabola.

"Alamu, awa ndi akangaude ofiira. Amayamwa tsamba mpaka liume, ndipo chimene amakonda ndi malo otentha, ouma. Inu mwawamangira hotela, mwawasonkhera ndi moto womwe. Mwangotsala kuwayalira bedi."

"Palibe mankhwala?"

"Poyamba paja madzi a sopo akanathana nawo. Lero maluwa onse akutidwa ndi ulusi, ndipo ndikapopera poizoni, amene amwe poizoniyo ndi achemwali. Zulani. Koma musatenthe, msewu wonsewu ungayambe kuvina."

A Chisenga sanaseke. Anazula mitengo isanu ija umodzi umodzi, naipinda m'matumba akuda a zinyalala. Ataweramuka, anaona pawindo la kukhitchini a Etta akulimbana ndi kapu, ataipana ndi zikhatho ziwiri chifukwa zala zinali zitakana kale. Mwezi unali Okutobala, chisanu chenicheni chisanayambe n'komwe.

Ulemu wawo kumpingo unatsala wathunthu, wopanda banga. Koma ulemu sauwiritsa m'ketulo. Akuluakulu sananame: mbewa yamanyazi inafera kudzenje.