Kondowole wa Boma

Tryphena anali pamtondo kuseri kwa nyumba yake ku Chikale, akusinja makaka a chinangwa mwana ali kumsana, pamene mwamuna wake Greyson anatulukira atavala suti ya ku Joni, tayi pakhosi, matope mpaka m'maondo. Munthuyu anatha zaka akuperekera mbale m'hotela ya azungu, ndipo chibwerere kumudzi khasu sanaligwirepo. Ankati limaononga zikhatho.

"Nyamhone, siya musi umenewo," anatero Greyson, kumuitana ndi mfunda wake, akupuma mwaphuma. "Kuyambira lero ndiwe mkazi wa kontirakita."

"Kontirakita amadya chiyani, bambo a Dolly? Ngati amadya kondowole ngati ife, ndisiyeni ndimalize."

Greyson anapukuta mpando ndi kansalu, n'kukhala. Nkhani inali yakuti Boma linalandira ndalama zachitukuko kuchokera ku Mangalande zokonzera msewu wokwera ku Mzuzu, ndipo linkafuna munthu wopereka ufa wodyetsa alebala. Anapikisana awiri. Woyamba anali Paston, wamalonda wochokera kumapiri, mwini lole, yemwe anati ufa wa chimanga abweretsa koma amupatse nthawi. Kenaka anaimirira Greyson, Chizungu chikutulukira m'mphuno, n'kunena kuti iye apereka ufa wa chinangwa pamtengo wotsika, ndipo matumba oyamba afika mwezi usanathe. Bwana wa misewu, mzungu, anayang'ana tayi ija, anamva mtengowo, n'kumugwira chanza.

"Chinangwa chake chiti?" anafunsa Tryphena.

"Chili m'munda mwakomo chikudikira ndani?"

Kunyanja kuno nkhokwe ndi nthaka. Chinangwa sachikolola tsiku limodzi ngati chimanga. Mayi amazula mitengo yochepa, n'kubzala pomwepo nthambi zake, chotsalacho chimagona pansi kudikira njala yamawa. Ndipo chinangwa chowawa chili ndi mwambo wake. Umachisenda, umachiviika m'madzi mpaka chifewe ndi kutaya ululu, umachiyanika padzuwa mpaka chiume gwaa, ndiye n'kusinja. Greyson zonsezi ankazidziwa, anakulira kondowole yemweyu. Koma munthu akagwirana chanza ndi mzungu, amayamba kuganiza kuti ngakhale dzuwa lilandira malamulo ake.

"Uno ndi Epulo," anatero Tryphena. "Mvula ikugwa ngati kumwamba kwabooka. Muyanika pati? Kapempheni nthawi ngati mnzanuyo."

"Ndikapemphe nthawi kuti Paston andiseke? Iwe sukufuna malata? Sukufuna makina osokera?"

Apa tisamukometse Tryphena. Denga lake linkadontha pamutu penipeni pa mphasa, ndipo makina osokera ankawalota chikwatiwire. Anang'ung'udza, anatukwana chamumtima, koma dengu lonyamulira chinangwacho anapereka yekha.

Ntchito yoyamba imene kontirakita anagwira inali kulembetsa chikwangwani. Chinakhomedwa pamtengo wa mango pafupi ndi nyumba yawo, panjira yopita kudoko: Greyson ndi Ana Ake, Odyetsa Boma. Anawo, wamkulu Dolly anali asanagweruke mano, winayo ndi uja wakumsana. Atatha apo anasonkhanitsa azisuweni ake ndi makasu, n'kulowa m'munda. Anazula chokhwima, anazula chanthete chonga zala za mwana. Iye anaima pachulu ndi ambulera, akuloza ndi ndodo. Pofika madzulo munda unali ngati mwadutsa nguluwe za dziko lonse.

Maenje oviikira a m'mbali mwa mtsinje anadzaza, mpaka chinangwa china anachithira m'bwato lakale. Sichinachedwe m'madzimo. Greyson ankabwera m'mawa uliwonse, n'kuchibaya ndi ndodo yake.

"Vuulani, chapsa."

"Chapsa pati, ada?" anatero Rabecca, mnansi wawo amene anabwera kudzathandiza kusenda. Anatola chimodzi n'kuchimenyetsa pamwala, chinalira ngati chikuni. "Ichi chikanali ndi mkwiyo wake wonse. Thovu lomwe silinatuluke."

"Ama, Boma limayendera wotchi. Chotsalacho chikathera m'mimba mwa alebala."

"Mimba ya lebala ndi dzenje loviikira?" anafunsa Tryphena, koma Greyson anali atatembenuka kale.

Dzuwa linakana kontirakiti. Makaka anayanikidwa pathanthwe, pamphasa, padenga, ndipo tsiku lonse akazi ankangothamanga kuanula ndi kuyanikanso. Atayamba kuda ndi nkhungu, Greyson anabwera ndi nzeru ya ku Joni, yoti awaumitse pamoto. Nkhuni zonse zinali zonyowa. Zoumako pang'ono zinali nthambi za chinangwa zimene Tryphena anaunjika pakhonde kuti adzabzale.

"Zimenezo ndi mbewu!" anakuwa Tryphena atabwera kumtsinje n'kupeza utsi uli tolotolo.

"Mkazi wa kontirakita sabzala, amagula," anayankha Greyson, maso ali psuu ndi utsi.

Ufa unatuluka wotuwa ngati phulusa, ukununkha chikuni. Unalowa m'matumba, matumba anakwera lole ya Boma mwezi usanathe monga analonjezera. Greyson anayenda m'tauni tsiku limenelo akuvulira chipewa aliyense, ngakhale amene sanamupatse moni. Anafika mpaka kusitolo kukafunsa mtengo wa malata, n'kuuza mwini sitolo kuti asungireko abwino.

Loleyo inabwerera msanga kuposa m'mene inapitira. Inaima pansi pa chikwangwani chija, anthu n'kuunjikana. Anatsika kapitawo wa msewu, bambo wamtali wa ku Ntcheu, nkhope itagwa. Anati gulu lake lonse lagona m'misasa, ena chizungulire, ena kusanza, ena njira ya kuthengo yawakulira. Mapiki ndi mafosholo zangoti mbwee pamsewu. Mwamwayi panalibe womwalira.

"Anthu akumwera sadziwa kuphika kondowole," anatero Greyson akukonza tayi. "Vuto ndi ophika."

"Waphika ndi mkazi wa kwanu konkuno," anayankha kapitawo. Anamasula tsamba la nthochi, n'kutulutsa mtanda wozizira, wakuda bii. "Bwana akuti mudye uwu pamaso panga. Mukaumaliza, kontirakiti ipitirira."

Greyson anauyang'ana mtandawo. Anayang'ana anthu.

"Ine ndadya kale."

"Mwadya kuti, bambo a Dolly?" anafunsa Tryphena ali pakhomo, manja m'chiuno. "M'nyumba muno simunapse kanthu chidzukire."

"Idyani, Odyetsa Boma!" anakuwa msodzi wina kumbuyo. "Kapena tiitane Ana Ake?"

Chikale yense anaseka mpaka agalu anayamba kuuwa. Greyson ananyema kachidutswa, anakafikitsa pamlomo, fungo litamugunda anakabweza patsamba. Kapitawo anatembenukira kulole. Anakodola anyamata a palolepo, matumba onse anatsitsidwa n'kuponyedwa pabwalo. Nkhuku zinabwera, zinajompha kamodzi, n'kupita kukafukula kudzala.

Ntchito inapita kwa Paston, amene anapatsidwa nthawi yake yomwe ija anapempha poyamba. Greyson anazula chikwangwani n'kutsekera khola. Munda unamera udzu. Rabecca ndi akazi ena anamugawira Tryphena nthambi zobzala, wina mtolo wina kamtolo, koma chinangwa si bonongwe. Ukabzala chaka chino, umadya chaka chamawa, ndipo ana salira chaka chamawa, amalira lero.

Paston anafuna akazi okonola ndi kusinja chimanga cha alebala omwe aja. Tryphena anasenza mtondo wake n'kupita kuseri kwa sitolo ya Paston, pafupi ndi doko. Malipiro ake anali kambale ka ufa ndi gaga yense amene angapete. Munthu wobadwira pa kondowole woyera ngati thonje anayamba kuphikira ana ake chakudya cha nkhumba, n'kumachitcha phala.

Tsiku lina masana Greyson anamulondola komweko. Suti inali yomweyo, koma inkaoneka ngati yobwereka kwa munthu wonenepa. Anaima pataliko kuti fumbi la chimanga lisamugwere.

"Nyamhone, kunyumba sunasiye kanthu?"

"Muli gaga mumphika. Mukasiyireko ana."

"Gaga? Ine?" Anatsitsa mawu, n'kusendera pafupi. "Tamvera, ndamva kuti kudoko akufuna wopereka nkhuni. Ndikangoti mwezi usanathe..."

"Mitengo yake iti? Wa mango uja ndi wa amayi anga. Mukaukhudza, musi uwu usintha ntchito."

Akazi anzake anagwetsa malichero ndi kuseka. Greyson anakonza chipewa, n'kubwerera njira ya ku Chikale pang'onopang'ono, ulendo woyamba m'moyo wake kuyenda osathamangira kanthu. Akuluakulu sananame, mfulumira adadya gaga. Chimene anaiwala kunena n'chakuti amadya ndi mkazi wake ndi ana omwe.

Tryphena anakweza mwana kumsana, anamanga nsalu, analavulira m'manja n'kunyamula musi. Chimanga cha Paston chinali chikadali mulu.