Telala Wotsala ndi Liwu Limodzi

Panali munthu wina m'tauni ina yaing'ono, telala, dzina lake a Kambalame. Ankasoka pakhonde la sitolo, ndipo Lamulungu lililonse ankaimba besi m'kwaya ya mpingo wawo. Sanali woyambitsa nyimbo. Ntchito yawo inali kuvomera: wina akayambitsa, iwo ankalowa pansi pake ndi mawu aakulu, ngati mzati umene anthu sauyang'ana koma ndiwo wasenza denga.

Tsiku lina anagwa ali pamakina. Pochokera kuchipatala, dzanja lamanja ndi mwendo wamanja zinali zitafa, ndipo mawu anali atawathawa. Anatsala ndi liwu limodzi lokha: "basi." Akafuna madzi, basi. Akamva kupweteka, basi. Alendo ankamva liwu limodzi. Mkazi wawo, Nachisale, ankamva mawu ambiri, pakuti anaphunzira kusiyanitsa basi wa ludzu, basi wothokoza ndi basi wa manyazi.

Chimene Nachisale ankalakalaka sichinali chachikulu. Ankafuna kumvanso mwamuna wake akumuitana dzina. Ankawasambitsa, kuwadyetsa, kuwatulutsa padzuwa. Akatero ankagwada pafupi n'kufunsa, "Bambo, ine ndine yani?" Iwo ankamuyang'ana ndi maso odziwa.

"Basi."

M'mawa wina Nachisale akuchapa zovala pabwalo, anayamba kuimba chapansipansi nyimbo ya pa Mgonero, osazindikira n'komwe kuti akuimba. Atafika pamene amuna amavomera, anamva besi kumbuyo kwake. Mawu onse analimo, omveka, osadumphapo ngakhale limodzi. Sanacheuke. Anapitiriza kuimba manja ali m'thovu, misozi ikugwera m'beseni, mpaka ndime yomaliza. Kenako anathamangira pakhonde.

"Bambo! Mwayankhula! Ine ndine yani?"

Nkhope ya a Kambalame inali ngati ya munthu amene wadzutsidwa kutulo ndipo sakudziwa kumene anali.

"Basi," anatero.

Dokotala atamva sanadabwe. Anati m'mutu mwa munthu mawu ndi nyimbo sizigona chipinda chimodzi, ndipo moto ukhoza kupsereza chipinda china n'kusiya china. Zimenezo sizinachepetse chimwemwe cha Nachisale. Anaona kuti zaka zonse zija, mwamuna wake akuimba m'kwaya, Mulungu ankasunga zake m'chipinda chimene ngakhale mwini nyumba sankalowamo.

Anauza mnzake mmodzi yekha. Pofika Lamulungu, mpingo wonse unali utamva.

Mpingo umenewo unali ndi ludzu. Kutsidya kwa msewu kunamangidwa tenti kumene anthu ankagwa pansi, ndodo zinkatayidwa, ndipo tsiku ndi tsiku kunkamveka za chozizwitsa chatsopano. Mabenchi a kuno ankanka napepuka. Choncho akulu a mpingo anaitana mlaliki wina wotchuka kuti adzachititse chitsitsimutso, ndipo mlalikiyo atamva za telala, anafika kunyumba ndi akulu awiri.

Anapatsa moni Nachisale. A Kambalame, amene anali pampando pomwepo, mlalikiyo anangowayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, monga achitira munthu wogula mbuzi.

"Mayi, Mulungu wayamba ntchito m'nyumba muno. Ntchito ya Mulungu sabisa kuseri kwa khitchini. Mubwere nawo Loweruka. Adzayankhula."

"Adzanditchula dzina?"

Mlaliki anaseka. "Dzina lokha? Mayi inu, mukupempha nyenyeswa kwa mwini nkhokwe. Adzalalikira amenewa!"

Nachisale anavomera. Iyenso ludzu anali nalo. Koma palibe amene anafunsa a Kambalame.

Loweruka masana tchalitchi chinadzaza mpaka m'mawindo. A Kambalame anawanyamula ndi mpando womwe n'kuwaika kutsogolo. Anavala suti imene anasoka okha kale, tsopano ikulendewera m'mapewa. Mafoni anakwezedwa m'mwamba. Nachisale anakhala pabenchi yoyamba.

Mlaliki anawagwira a Kambalame pamutu n'kuwakankha. "Lilime, masuka! Yankhulani, bambo! Nenani kuti Yesu!" Anawaika maikolofoni pakamwa. Malovu anatsika pachibwano. M'zokuzira mawu munamveka kupuma kwa munthu wamantha, kenako liwu lija.

"Basi."

Mlaliki anadumpha. "Mwamva? Akuti basi! Matenda, basi! Satana, basi!"

Nthungululu zinang'amba denga. Ng'oma zinalira. Anthu anaimirira n'kumafuula, "Basi! Basi!" A Kambalame anakweza mawu, "Basi, basi," ndipo khamu linakwezanso kuposa iwo. Akuchonderera, anthu ankavina.

Nachisale anamudziwa basi ameneyo. Anayamba kumumva tsiku loyamba limene anawachotsa zofunda zonyowa. Anayang'ana pansi, ndipo anaona dzanja lawo lamanzere likuyesa kubisa banga lonyowa limene linkafalikira pathalauzi.

Mlaliki anazindikira kuti khamu silingakhute liwu limodzi kwa nthawi yaitali. Anatsika, nawerama kwa Nachisale, nanong'ona, "Mayi, yambitsani nyimbo ija. Fulumirani." Anamukokera kutsogolo n'kumupatsa maikolofoni. "Tonse chete! Tsopano muona zimene simunaonepo."

Tchalitchi chinati zii.

Nachisale ankadziwa kuti mzere umodzi unali wokwanira. Akangoyambitsa, besi ija ikanatuluka, pakuti chipinda cha nyimbo chija chilibe loko. Chimatsegukira aliyense wogogoda, mwini nyumba afune asafune. Anthu akanalira. Mabenchi akanadzaza. Ndipo ndani akudziwa, mwina pambuyo pa nyimbo, pamaso pa onsewa, dzina lake likanatuluka. Anatsegula pakamwa. Anayang'ana mwamuna wake. Maso awo anali pa iye yekha, ndipo sanali maso a munthu wofuna kuimba.

"Nyimbo amavomera," anatero Nachisale, mawu ake osakwera. "Koma izi sanavomere."

Anaika maikolofoni pansi. Anamasula chitenje chapamwamba n'kuwamanga m'chiuno. Anakoleka dzanja lakufa lija paphewa pake n'kuwadzutsa. Njira ya pakati pa mabenchi inali yaitali, ndipo phazi lawo lamanja linkakwekwereza pasimenti. Palibe amene anaimirira kuti athandize. Akulu a mpingo, amene anaimba nawo kwaya imodzi zaka zambiri, anayang'ana nsapato zawo.

"Watsekereza chozizwitsa mayi ameneyu," anatero wina.

"Akuopa chiyani? Mwina lilimelo anamanga ndi yemweyo," anayankha mnzake.

Asanafike pakhomo, mlaliki anayambitsa kolasi yothamanga, kuti phokoso la phazi lija lisamveke.

Kuyambira tsiku limenelo a mpingo analeka kufika kunyumbako. Nachisale anapitiriza kusambitsa, kudyetsa ndi kutulutsa padzuwa. A Kambalame anamwalira mvula isanagwe, asanamuitane dzina. Pamaliro anthu aja anabwera onse, ndipo anaimba bwino kwambiri.

Inu amene mukumva, ludzu la zodabwitsa si tchimo. Analiika mwa ife ndi Mulungu, ndipo mayi uja anali nalo kuposa onse amene ankavina. Koma pansi pa nzeru zathu pali malo amene ife eni sitiwaona, kumene kumagona mapemphero a ubwana wathu, nyimbo zimene timayesa kuti tinaiwala, ndi chisoni chimene sitinachiuze munthu. Kumeneko Mulungu amagwira ntchito mwakachetechete, monga mtedza ubereka pansi pa nthaka. Wozula mtedza usanakhwime kuti anthu aone kuti wabereka, sanalemekeze mlimi. Wangoupha.

Chimene chimandiwawa si mlaliki uja. Iye anabwera, nachita zake, napita. Chimandiwawa ndi mabenchi. Anthu obatizidwa, odya pa gome limodzi, anamva mbale wawo akulira ndipo kulirako anakumva ngati chigonjetso, chifukwa ndicho chimene anabwera kudzamva. Tikafuna chozizwitsa kwambiri, makutu athu amasanduka abodza. Ndipo chodabwitsa chimene chimafuna kuti munthu wofooka avulidwe ulemu kuti ife tiombe m'manja sichichokera kwa Ambuye amene iwo eni anaimikidwa pamaso pa khamu n'kusekedwa.

Tsono musanakweze munthu kutsogolo kuti akhale umboni wanu, gwadani mumufunse. Ngati sangathe kukuyankhani, musamuyankhire. Tsitsani foni yanu, mupereke phewa.