Mkamwini wa Kumapiri ndi Mbewu ya Kudimba

Panali munthu wina wa kumapiri amene anakwatira mkazi wa kuchigwa. Anayamba akhala kwawo kwa mwamunayo, kozizira, kwa nkhungu ndi mvumbi, kumene chimanga chimatalika kupitirira denga la nyumba. Anabereka ana awiri kumeneko. Kenako mayi a mkaziyo anamwalira, ndipo abale anamuitana mkaziyo kuti adzalandire minda ya malemuwo. Banja lonse linatsetsereka phiri n'kukakhala kudziko lotentha, la fumbi ndi milambe, m'mbali mwa mtsinje waukulu.

Munthuyu anali mlimi weniweni, tisamunamizire. Khasu ankalidziwa, ndipo dzuwa silinkamupeza pamphasa. Chilema chake chinali chimodzi: sankafunsa.

Anthu a kuchigwako anali ndi minda iwiri. Wina unali wa kumtunda, wodalira mvula, ndipo ankabzalamo mapira ndi mchewere. Wina unali dimba la kumtsinje, limene chaka ndi chaka linkamizidwa ndi madzi osefukira. Chimanga ankachibzala kudimbako madzi akaphwa, mvula itatha kale.

Mkamwiniyo anafika mu Okutobala, madimba atakololedwa, moti anangoona mapesi ndi mbuzi. Atamuuza za kalimidwe kameneka anaseka mpaka misozi. Mapira anawatcha chakudya cha mpheta. Madimba kwawonso analiko, koma anali a ndiwo zamasamba, othirira m'mawa ndi madzulo. Munda wonse wa chimanga, wopanda mvula, wopanda wothirira? Mumtima anati anthu awa dzuwa linawawotcha mitu.

Mvula yoyamba itagwa, anatulutsa thumba la mbewu limene anabwera nalo kuchokera kwawo. Mkazi wake anamupempha kuti asiyeko chigawo chimodzi cha mapira, ngakhale chaching'ono cha kumalire. Iye anakana. Anabzala chimanga munda wonse wa kumtunda, mizere yowongoka bwino, osasiya ngakhale poponda phazi. Chinamera mokongola ndithu. Madzulo ankaima pachulu, manja m'chiuno, kuti odutsa adziwe mwini munda.

Mu Januwale mvula inadula.

Sabata yoyamba anati ibwera. Yachiwiri, masamba anayamba kupindika masana n'kutambasuka m'mawa. Yachitatu, sanatambasukenso. Chimanga chinali chitangoyamba kumasula ngayaye, nthawi imene chimafuna madzi kwambiri, ndipo dzuwa la kuchigwa silichitira munthu chisoni. Mapira a anansi ake nawonso anafota, koma anangodikira. Mvula itagwako kamodzi mu Febuluwale, anadzuka. Chimanga chake sichinadzuke.

Njala inalowa m'nyumba. Achibale anawagawirako mchewere, lichero limodzi, kenako lina, koma chaka chimenecho aliyense anapeza zochepa. Mkazi uja anayamba kupita kuthawale kukazula nyika, timizu towawa ta m'madzi timene anthu a kuchigwa amadya zinthu zikavuta. Kumeneko kunali ng'ona. Mayi wina wa mudzi woyandikana nawo anapita m'mawa kukazula nyika, madzulo anthu anangobwerako ndi beseni lake. Kuyambira tsiku limenelo mwamunayo ankakhala pakhonde kuyang'ana kunjira mpaka mkazi wake atatulukira. Manyazi ankamudya kuposa njala, chifukwa ankadziwa amene anachititsa zonsezi.

Mu Malichi mtsinje unasefukira kumwamba kuli mbee, popanda ndi kamtambo komwe. Madzi anamiza madimba onse. Iye anadabwa, koma monga mwa nthawi zonse, sanafunse. Mu Epulo madziwo anabwerera, ndipo pamwamba pa dothi panauma n'kuchita ming'alu.

M'nyumbamo, pakona ya kuchipinda, panali mtsuko womata pakamwa ndi dothi. Munali mbewu ya malemu apongozi ake, chimanga cha maso ang'onoang'ono chocha msanga, chosakaniza ndi phulusa kuti chisafumbwe. Chakudya chonse chotsala m'nyumbamo chinali chimenecho. Mbewu ya kudimba inali yomweyonso, ndipo chaka chimenecho panalibe mnansi woti n'kukupatsako ina. Aliyense anasunga yongokwanira pake.

Tsiku lina mkaziyo anaona kumene maso a mwamuna wake ankapita. Anati, "Bambo a Mwandida, mtsuko uwo musaukhudze. Ndi wa kudimba. Achimwene akumaliza kubzala gawo lawo, ndipo mkuja tiyamba lathu."

Mwamunayo anadzuka. Anatuluka panja n'kuyang'ana kumwamba. Kunali kowala ngati mbale yotsuka. Mvula inali itapita, ndipo mlimi aliyense wa kwawo akanakuuzani kuti yapitiratu. Anayang'ana ana ake. Wamkulu anali atasiya kusewera. Wamng'ono tsitsi linali litayamba kufiira, ndipo akamalira mawu sankatulukanso bwino.

Tsono musamuyese mbava munthuyu. Ana ake ankawakonda. Anadzifunsa kuti, kodi bambo wanzeru angatenge chakudya chomaliza n'kukachikwirira m'fumbi ana akuyang'ana? Analakwitsa kale kamodzi pa munda wa kumtunda. Anaganiza kuti akalola zimenezi alakwitsa kachiwiri, ndipo ulendo uno adzaika mwana m'manda. Dimbalo linali pafupi, ulendo wosatopetsa ngakhale nkhalamba. Akanatha kupita kukaona. Koma anali atagamula kale kuti kumeneko kulibe choona.

M'mawa mwake mkazi atanyamula beseni kupita kuthawale, iye analowa kuchipinda. Anagogoda dothi la pakamwa pa mtsuko ndi mpini wa khasu mpaka linasweka. Anakhuthulira chimanga m'lichero, napeta phulusa kuseri kwa nyumba. Anachithira m'thumba, nalimanga panjinga, n'kulowera kuchigayo kudzera njira ya kumtunda, yozungulira, kuti asakumane ndi achibale.

Kuchigayo kunalibe mzere. Ndani akanagayitsa chiyani chaka chimenecho? Wachigayo anamasula thumba, natapa chimanga kudzanja, nachinunkhiza.

"Bambo, chimanga chonunkha phulusa chotere si mbewu imeneyi?"

"Gayani."

"Mayi akunyumba akudziwa?"

"Ndati gayani."

Wachigayo analiza injini. Mbewu imene apongozi ake anasankha chitsononkho chimodzichimodzi, imene inadikira mumtsuko miyezi isanu ndi iwiri, inatha m'kanthawi kosakwana kumwa madzi.

Pobwerera mtima wake unapepukako. Anali ndi ufa, ndipo ana adya lero. Anaganiza zodzera njira yachidule ya kumadimba kuti akamuuze mkazi wake atuluke m'madzi a ng'onawo. Aka kanali koyamba kuti aponde kumeneko chiphwereni madzi.

Anapeza mlamu wake, mchimwene wa mkazi wakeyo, akukumba mapando. Sanali mapando wamba ayi. Anali maenje akuya, ndipo dothi lotuluka pansi linali lakuda. Mlamuyo ataona thumba panjinga anaimika khasu, nkhope yonse ikumwetulira.

"Alamu, mwafika! Mwabwera nayo mbewu? Mwachita bwino. Langa ndamaliza dzulo, ndiye ndayamba kukumba lanuli. Mizere itatu yatha kale."

Mkamwiniyo anaumitsa khosi. Anati, "Alamu, ine sindingakwirire chakudya m'fumbi. Mvula inapita kale. Chimera ndi chiyani pamenepa?"

Mlamuyo sanakangane naye. Anangoloza dzenje limodzi n'kunena kuti, "Tapisani dzanja."

Mkamwiniyo anatsamiritsa njinga pamtengo, nagwada. Pamwamba dothi linali lotentha, lolimba ngati phale. Analowetsa dzanja mpaka pachigongono. Pansi panali pozizira. Anafinya dothi lija, madzi n'kutuluka pakati pa zala.

"Madzi amenewo ndi akwanu," anatero mlamuyo. "Mvula imene imagwa kumapiri kwanuko, mtsinje umatibweretsera kuno, pamodzi ndi chonde chake. Pamwamba pamauma, koma pansi chinyontho chimakhala mpaka chimanga kucha. Ife timangochitsatira. Taonani uko."

Analoza chakumtunda kwa dimba, kumene madzi anayamba kuchoka. Munthu akakhala patali sankaona kanthu. Koma m'dzenje lililonse munali timasamba titatu kapena tinayi, tobiriwira bwino, toimirira osaopa dzuwa. Kutsogolo kwake kunali gawo lina, ndi linanso, mpaka kumene maso amalekezera. Mudzi wonse unali utabzala.

"Masulani thumbalo, alamu, tibzale dzuwa lisanakwere."

Munthuyo anakhalabe chogwada. Mlamuyo anaganiza kuti watopa ndi njala, choncho anapita yekha panjinga, namasula chingwe, natsegula thumba. Anangoona ufa wokhawokha.

Nthawi yomweyo mkazi uja anatulukira kuchokera kuthawale, beseni la nyika lili pamutu, chitenje chitanyowa mpaka pachifuwa. Anali atawaona ali patali, ndipo ankabwera mofulumira, akusangalala kuti mwamuna wake wafika kudimba yekha, osakakamizidwa. Anatula beseni. Anasuzumira m'thumba. Anatapa ufa pang'ono, naufikisa ndi zala, ndipo mphepo inauuluza.

Sanalire, sanatukwane. Anayang'ana mizere itatu ya maenje opanda kanthu, kenako anayang'ana mwamuna wake, amene anali chigwadire, dzanja lili matope mpaka pachigongono.

"Bambo a Mwandida," anatero motsitsa mawu, "ufa uwu tidya sabata imodzi. Nanga sabata inayo?"

Madimba onse a m'mbali mwa mtsinjewo anabereka chaka chimenecho, kupatula limodzi.

Inu amene mukundimvera, ena mwa inu mudzakalima kumene simunabadwire. Ena mudzatumidwa kukalangiza alimi a dera limene mvula yake simukuidziwa, mutanyamula nzeru zabwino ndithu, koma zakwanu. Dziko si limodzi. Kuphiri madzi amachokera kumwamba, kuchigwa ena amabwera ndi mtsinje n'kubisala pansi, ndipo mbewu imene imakoma uku imapserera uko. Anthu amene mudzawapeze akuchita zooneka zopusa akhala pamalopo nthawi yaitali, ndipo sanafe ndi njala. Munthu uja sanagwe chifukwa cha ulesi kapena kuuma mtima. Anagwa chifukwa anagamula asanaone, pamene koonera kunali pafupi. Choncho musanaseke, ndiponso musanawononge chimene eni dera akuti musachikhudze, pitani mukagwade m'munda mwawo, mupise dzanja pansi. Mupite mbewu ikadali mbewu, chifukwa ufa sumera.