Pakamwa pa Kapitawo Mvuu

Kalekale, nyama zinkagwira ntchito pa esiteti ina, kapitawo wake Mvuu, malipiro ake chimanga. Khirisimasi ikayandikira, antchito ankasonkhera nkhalamba zomwe zinasiya ntchito msana utatha. Mwambo wabwino ndithu, koma malamulo ankaika ndi Mvuu: aliyense dengu limodzi, wamkulu ndi wamng'ono yemwe. Nkhalamba ankaitana zitatu zokha kuti chimanga chitsale. Chokhacho chomwe chinkamuwawa n'chakuti zotsalazo antchito onse ankagawana mofanana.

Chaka china njala inafika msanga. Gologolo, yemwe ankapalira m'mizere, malipiro ake a mwezi wonse anali dengu limodzi lomwelo, ndipo kunyumba kunali ana anayi, nthiti zikuwerengeka. Akapereka, ana afa ndi njala. Akakana, ntchito yatha. Mtima unamuwawa kwambiri.

Pamsonkhano anakweza kadzanja.

"Akapitawo, bwanji tiziyezera pakamwa? Aliyense apereke chodzaza m'kamwa mwake. Nkhalamba zikalandira, zotsala titape ndi muyeso womwewo."

"Woyamba kutapa ndani?" anafunsa Mvuu.

"Ndinu, bwana. Ife tingayambe bwanji inu mulipo?"

Mvuu anaganiza za nkhalamba zitatu ndi mulu wa zotsala, dovu n'kuyamba kuchucha. "Lamulo ladutsa," anatero.

Tsiku losonkha linafika. Gologolo anaika njere imodzi tsaya ili, ina tsaya ili, basi wapereka. Mbewa njere zitatu. Kenako Mvuu, kukamwa yasa. Dengu loyamba la m'nkhokwe mwake, khuthu. Lachiwiri, khuthu. Lachisanu, khuthu.

"Mmm, mmm," anabuula Mvuu, kutanthauza kuti mwadzaza.

"Kuseri kwa dzino kukadali malo, bwana," anatero Gologolo akusuzumiramo.

Analowa madengu asanu ndi awiri, onse n'kuwalavulira pamphasa. Mvuu anadzitonthoza kuti madenguwo abwerera konkuno.

Koma Gologolo anali atazungulira m'midzi kuitana onse oiwalika. Anabwera Fulu wosweka chigoba, Njati wakhungu, Bulu wotsimphina, ndi ena ambiri omwe Mvuu ankayesa kuti anafa kalekale. Anali owonda omvetsa chisoni, ndipo palibe anaseka. Analandira mmodzimmodzi mpaka pamphasa panatsala gaga.

"Yambani kutapa, bwana," anatero Gologolo mwaulemu.

Mvuu anayang'ana gagayo, n'kuyang'ana Gologolo.

Ana a Gologolo anadya Khirisimasi imeneyo, nkhalamba nazo zinadya. Lamulo linakhazikika, pakuti Mvuu analivomera pagulu ndipo analibe polowera. Koma chaka chitangotembenuka anaitana Gologolo, n'kumuuza kuti mizere yake ndi yokhota, asabwerenso. Antchito anzake, omwe madengu awo anapulumuka chifukwa cha iye, anangowerama n'kumapalira.

Nthano yanga yagwera pomwepa. Inu ana, ndi inu akulu omwe, mukafuna kuwongola lamulo la akapitawo, liwongoleni ndithu, koma muyambe mwafunsira ganyu kwina.