Mkamwini Amene Anakana Kugwetsa Mitengo

Kalekale, nyama zidakali kulankhula ngati ife, Changa anakwatira mwana wa Nungu, dzina lake Nasimango, n'kukakhala chikamwini. Kwawo kwa Changa kunali kunkhalango yachinyontho, ndipo chuma chimene anabwera nacho chinali kathumba ka mbewu basi. Zinali mbewu za kanjedza woyanga, waminga yokowa ngati mbedza, amene saima yekha koma amakwera mitengo.

Apongozi ake aakazi anamulozera nkhalango m'mbali mwa mtsinje kuti aswe mphanje. Nguluwe, mkamwini wamkulu wa pakhomopo, anali atagwetsa kale mitengo yonse m'munda mwake, mbee! Koma Changa anangosadza thengo lapansi, n'kudzala mbewu zake patsinde pa mitengo. Nkhwangwa sanaigwire n'komwe.

Apongozi atabwera kudzaona, anapeza mitengo ili chilili. Paja mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso, choncho anatuma Nasimango kukafunsa ngati mwamuna wake akudwala.

"Ukawauze amayi kuti ndalima," anatero Changa. "Mbewu yakwathu ikadali yaing'ono imafuna mthunzi."

Chaka china apongozi anabweranso, mitengo ili chilili. Anatumanso Nasimango.

"Ukawauze amayi kuti ndalima. Mbewu yakwathu ikamakula imafuna pogwira."

Nguluwe anaseka mpaka kugubuduka. Ankauza aliyense kuti Changa akusunga mitengo kuti azigonamo masana. Anapempha mbewu pang'ono kuti aonetse kalimidwe ka amuna, n'kuzidzala pamtetete. Zinamera ndithu, koma dzuwa linaziwaula zonse. Apo Nguluwe anati mbewuzo n'zachabechabe.

Zaka zinapita. Ulendo wachitatu apongozi sanafunse kanthu. Analamula kuti mitengo ikafika nthawi yokolola ili chiimire, Changa anyamule kathumba kake azipita kwawo. Nasimango analira, n'kumupempha kuti agwetseko ngakhale umodzi. Changa mtima unamupweteka, poti mkazi wakeyo ankamukonda, koma anakana. Kamunthu kameneka kanali kouma mutu, ndipo ine ndimakanyadira.

Chimanga chitacha, kunagwa mvula yoopsa imene inakokolola mlatho wa pamtsinje uja. Minda yonse ya chimanga inali tsidya, ndipo anyani ankakolola mwaufulu, eni ake akungoyang'ana. Nguluwe anapota chingwe cha luzi choti awolokere, chinaduka. Anapota chachiwiri, chinaduka. Chachitatu chinaduka iye ali pakati, ndipo anavuuka kumunsi atamwa madzi osawafuna.

Pamenepo Changa anatenga chikwanje n'kulowa m'munda mwake muja. Kanjedza anali atayanga mpaka kunsonga za mitengo. Anadula mapesi okhwima okhaokha, mphukira n'kuzisiya kuti zidzakule. Anakoka, anakoka, anakoka, mpaka zingwe zazitali zinatsika. Anapala minga, n'kuluma nsonga ya chingwe, n'kukwera mtengo umodzi mwa imene anakana kugwetsa ija. Kuchokera panthambi yake anadumphira tsidya, n'kumanga. Iye ndi Nasimango analuka mlatho wolendewera, ndipo Nguluwe yemwe anawolokapo ndi dengu pamutu, chingwe osaduka.

Chimanga chitalowa m'nkhokwe, Changa anatenga kathumba kake n'kukaima pabwalo, poti mitengo inali idakali chiimire. Apongozi sanatume munthu. Anabwera okha, n'kukhala pansi pafupi naye, n'kumuyang'ana m'maso.

"Bambo, ikani kathumbako pansi," anatero. "Mwalima."

Changa maso anatuluka ndi chimwemwe, ndipo mpaka lero sanabwerere mwakale.

Nthano yanga yathera pamenepa, kaphuleni mbatata zanu zisanapserere. Musamatche mnzanu waulesi chifukwa chakuti salima ngati inu. Mbewu iliyonse ili ndi kalimidwe kake, ndipo amene akuidziwa asachite nayo manyazi.