Mayi Wobwereka Ana a Eni

Panali mkazi wina wochita zisudzo, dzina lake Nachanza. Anayambira kutchalitchi, pa masewero a Khirisimasi, akali mtsikana. Kenako gulu lina la mumzinda linamutenga, ndipo ankayenda nalo pa lole boma ndi boma, kusewera m'maholo a sukulu ndi m'misika. Mawu ake anamveka pa wailesi. Pambuyo pake nkhope yake inaoneka m'kanema, moti anthu amene sanakumanepo naye ankamutchula ngati m'bale wawo.

Mbali imene ankaitha kwambiri inali ya mayi. Anzake akafuna mwana wa m'sewero ankangokulunga pilo m'chitenje, koma iye za pilo ankakana. Sewero lisanayambe ankatsika pansanja, n'kuyenda pakati pa anthu, n'kupempha mayi wina kuti amubwereke khanda. Akaliika kumsana, ngakhale lolira chotani linkatonthola, mwina mpaka kugona. Amayi ankachita kulimbirana. Ena mpaka kukalamba ankauza ana awo kuti, "Iwe unagonapo kumsana kwa Nachanza."

Koma Nachanza anali ndi mwana wakewake, wamkazi, dzina lake Mwandida. Anamusiyitsa kuyamwa asanayambe n'kuyenda komwe, n'kumusiya kumudzi kwa mkulu wake, poti lole ya zisudzo si malo a khanda. Anati abwera mvula ikatha. Mvula itatha gulu linaitanidwa kumpoto, ndipo atabwerako kunayamba za kanema. Ankatumiza sopo, shuga ndi timadiresi, koma timadiresito tinkafika mwana atakula kale. Khanda lililonse limene ankanyamula pansanja ankaliyeza mumtima, amvekere, wanga uja tsopano akulemera chonchi, kapena kuposa.

Chaka china gululo linakonza zokasewera pa sukulu ya kwawo. Nachanza anatumiza uthenga kuti Mwandida adzabwere. Ulendo wonse ankauza anzake kuti, "Lero sindibwereka wa munthu."

Lole inafika mochedwa, masana, holo itadzaza kale. Nthawi yopita kunyumba kukalonjerana panalibe. Anapeza mkulu wake atakhala kutsogolo, kamtsikana katamukolekera m'khosi. Kanali katayamba kale kuyankhula.

"Achemwali, ndipatseni mwanayo," anatero Nachanza.

"Wangofika kumene, ngakhale madzi sunamwe," anayankha mkulu wakeyo. "Dikira akuzolowere kaye. Uyutu ngwamanyazi."

"Ana a eni sandikana. Ndiye wanga andikane?"

Mkulu wake anamasula timanja ta mwana m'khosi mwake, n'kumupereka.

Sewero lake linali la mkazi wothamangitsidwa ku ukwati, akubwerera kwawo ndi mwana kumbuyo. Nachanza anamanga chitenje, nayamba kuyankhula mawu ake. Koma msana wake unali utanyamula ana ambiri, ndipo unazindikira msanga. Mwana wokhulupirira munthu amadzisiya, amalemera, mutu amagoneka pakati pa mapewa. Uyu anali ataumitsa thupi, mutu ali chilili, akuunguza m'gulu la anthu.

Atawaona amene ankawafuna, analira. Anatambasula manja kuloza mpando wakutsogolo, akuitana, "Amayi, amayi."

Nachanza anamugwedeza, anamusisita, anamuimbira chapansipansi. Zonse zimene zinkatontholetsa ana a eni anaziyesa, koma mwana ankangoonjeza kulira. Anthu anayamba kuseka. Bambo wina kumbuyo anati, "Katswiri lero wakumana nazo." Mkulu wa gulu, ali kuseri kwa katani, ankamukodola ndi dzanja kuti apitirize, pakuti sewero linali litatsala pang'ono kutha.

Nachanza akanatha kulimaliza. Mawu ake anali aakulu, oposa kulira kwa mwana. Koma analekeza mawu pakati, n'kumasula chitenje. Anatsika pansanja mwana ali m'manja, nagwada pamaso pa mkulu wake.

"Mtonthozeni, achemwali," anatero. "Akufuna inu."

Mwana atangofika pachifuwa cha mkulu wakeyo, anakhala chete. Nachanza anakhalabe chogwada, manja ali opanda kanthu, misozi ikutsika. Anthu anayesa kuti ndi mmene sewero limathera. Anaimirira, anaomba m'manja, amayi anaimba nthungululu, ndipo potuluka ankauzana kuti Nachanza sanasewerepo bwino chonchi.

Anakhala pamudzi masiku ochepa. Mwandida ankalandira masiwiti kwa iye atatalikira, kenako n'kuthamangira kukabisala kumbuyo kwa amene ankawatcha amayi. Lole itanyamuka, Nachanza anakwera, chifukwa pakhomo ponsepo pankadalira ntchito yakeyo. Anasewera mpaka imvi zitamera, ndipo dzina lake linakula koposa. Koma sanatsikenso pansanja kukapempha khanda. Mwandida anakula ali mwana waulemu. Mayi ake akabwera ankawagwadira, kuwapatsa madzi osamba m'manja, n'kuwafunsa za ulendo monga amafunsira mlendo wolemekezeka.

Amayi anzanga, sindikuti Nachanza analakwa kupita kuntchito. Ambiri a ife tinasiyako ana kwa agogo awo kapena kwa achemwali, wina ali m'tauni pa ntchito ya m'nyumba, wina ali ku Joni, ndipo sitinawasiye chifukwa chosawakonda. Koma mwana wamng'ono sadziwa amene anamubala. Amadziwa amene amamusambitsa, amene amabwera akalira. Ngati wanu ali kutali, musadikire tsiku lalikulu loti mukamunyamule pamaso pa anthu. Pitani tsiku wamba, ngakhale chimanjamanja. Mukafika musamukoke. Mukakhale pansi pakhonde, pamene angakuoneni, ndipo mukadikire mpaka abwere yekha.